Mutu 9: Kugula Galimoto ndi Maso a Wodzaigula

Mwezi wa June ukafika ku Limphasa, mpunga umakhala mbwee pa malona pakhomo lililonse, ndipo mavenda a masikelo amakhala atafika kale kuchokera ku Mzuzu ndi madera ena. Ndi nyengo imene ndalama imaoneka m'mudzi. Ndi nyengonso imene mafoni amadzaza ndi zithunzi za magalimoto. Mwana amene ali ku Joni watumiza chithunzi cha Polo yofiira. Mlamu wa ku Mzuzu akuti pali Vitz yangolowa kumene pa Songwe, idakali ndi nambala ya IT. Mphunzitsi mnzawo akuti zonsezo zisiyeni, gulani Aqua, mafuta imangonunkhiza. Bambo ndi mayi akhala pakhonde madzulo, aphatikiza ya mpunga, ya kubanki mkhonde ndi kangongole ka kuntchito, ndipo aona kuti chaka chino zitheka.

Mwa mafunso onse amene amabwera pakhondepo, limene limafunsidwa kumapeto ndi limene linayenera kuyamba. Kawirikawiri amalifunsa ndi mayi, abambo atatopa kukamba za liwiro ndi wailesi: "Nanga zinthu zikadzathina, tidzaigulitsa zingati?" Pakhomo pa munthu wa kuno galimoto si chokwera chabe. Ili ngati ng'ombe kwa anzathu a ku Mzimba, kapena bwato ndi chilimira kwa msodzi wa ku Kande. Tsiku la fizi ya ku yunivesite, la matenda aakulu kapena la ngongole yofika m'khosi, maso onse amapita pa iyo. Kusiyana kwake n'kwakuti ng'ombe imaswa, pamene galimoto imangokalamba.

Timagalimoto timene tikunena pano ndi tija amati hatchback. Kumbuyo kulibe buti yaitali ngati ya Corolla. Kuli chitseko chachisanu chotsegukira m'mwamba, ndipo mipando yakumbuyo imapindika kuti katundu alowe. Injini zake n'zazing'ono, zambiri kuyambira 1,000cc kufika 1,500cc. Mayina ake ngakhale mwana wa pasiteji amawadziwa: Toyota Vitz ndi Passo, Honda Fit, Nissan Note ndi March, Mazda Demio, Suzuki Swift, VW Polo, ndi kamng'ono kawo Daihatsu Mira, ka 660cc.

"Yatsopano" ya kwathu kuno

Tikamati wina wagula galimoto yatsopano, nthawi zambiri tikunena galimoto imene ndi yatsopano m'Malawi muno basi. Ku Japan inayenda kale zaka zisanu, zisanu ndi ziwiri, ina khumi. Kumeneko kuli lamulo loti galimoto iyesedwe ikatha zaka zitatu, kenako zaka ziwiri zilizonse, ndipo kuyesako, komwe eni ake amati shaken, kumadya ndalama zambiri. Ambiri m'malo molipira amangosintha galimoto. Yosiyidwayo imapita ku okushoni, makampani monga Be Forward ndi SBT Japan n'kuiika pa intaneti, sitima n'kuitula pa doko la Dar es Salaam. Kuchokera apo dalaivala waganyu amaiyendetsa makilomita oposa 900 kudzafika pa chipata cha Songwe, kenako Karonga, chikweza cha Chiweta, mpaka Mzuzu. Zimatiyendera chifukwa Japan ndi Malawi tonse timayenda kumanzere kwa msewu, chiwongolero chili kumanja.

Zatsopano zenizeni ziliponso, zonunkhira pulasitiki, kwa ogulitsa ovomerezeka m'mizinda ikuluikulu. Toyota Starlet yamakono, imene inayamba kugulitsidwa mu Africa mu 2020, ndi chitsanzo chabwino, ndipo ambiri sadziwa kuti imapangidwa ku India ndi kampani ya Suzuki, kumene galimoto yomweyo amaitcha Baleno. Galimoto yotereyi ili ndi ubwino wake weniweni. Ili ndi chitsimikizo cha fakitale, makilomita ake sanaseweredwe ndi munthu, ndipo mbiri yake yonse yayambira m'manja mwanu. Koma pa nkhani ya kudzagulitsa, yatsopano ndi imene imagwa kwambiri m'zaka zoyamba. Chifukwa chake n'chosavuta. Tsiku limene mudzaiike pamsika ili ndi zaka zitatu, wogula sadzaiyerekeza ndi mtengo umene munalipira inu. Adzaiyerekeza ndi Vitz ya IT imene yaima pambali pake, yoyera bwino, yotchipa kutali. Ndi chifukwa chake zatsopano zimagulidwa kwambiri ndi makampani, mabungwe ndi boma, pamene banja la ku Limphasa limadikira kuti kugwa koyambako kugwere wina.

Pa chipata cha Songwe pali a MRA, ndipo msonkho wawo umatengera kukula kwa injini ndi zaka za galimoto. Injini yaikulu msonkho wokwera; galimoto yokalamba kwambiri nayonso imalangidwa. Izi zikukhudzani ngakhale mukugula kwa mnansi wa ku Chintheche amene anailipirira kale, chifukwa mtengo wa galimoto iliyonse yoyenda m'dziko muno umatsatira ndalama zimene munthu angawononge kuti aitanitse ina yofanana nayo lero. Dola ikakwera, kapena msonkho ukasintha, ngakhale galimoto yogona pansi pa mtengo wa mango imasintha mtengo usiku womwewo, mwini wake ali m'tulo.

Phindu la pakamwa

Apa ndi pamene ambiri timadzinamiza. Mudzamva munthu akunyadira kuti, "Ine galimoto ndinayenda nayo zaka ziwiri, pogulitsa ndinapezanso phindu." Mawerengero ake ndi oona, koma phindulo ndi la pakamwa.

Mu May 2022 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti. Mu November 2023 inachepetsedwanso ndi 44 peresenti, moti dola imene ku banki inali pafupifupi K1,180 inafika pa K1,700. Tiyerekeze kuti bambo wina anagula galimoto kusanachitike kugwa kwa kwacha kwa mu November kuja pa K5.9 miliyoni, amene panthawiyo anali madola 5,000. Patapita miyezi anaigulitsa pa K7 miliyoni, n'kupita kunyumba akumwetulira kuti wapha K1.1 miliyoni. Koma K7 miliyoni pa mtengo watsopanowo ndi madola ongopitirira 4,100 pang'ono. Kuti aitanitse ina yofanana ndi imene wagulitsayo, akufunika K8.5 miliyoni, ndipo apo tawerengera mtengo wa ku banki, kumene dolayo kawirikawiri sipezeka. Bamboyu sanapindule. Wataya pafupifupi madola 900, ndipo watsala wapansi.

Mlimi wa mpunga ali ndi muyeso wabwino kuposa kwacha, ndipo ali nawo m'nyumba momwe. Tsiku logula galimoto, lembani pa chikuto cha buku kuti mtengowo ndi matumba angati a Kilombero a makilogalamu 50 pa mtengo wa tsikulo, ndiponso kuti ndi madola angati. Tsiku logulitsa mudzawerengerenso chimodzimodzi. Mpunga nawo mtengo wake umavina malinga ndi nyengo, choncho yerekezani June ndi June, osati June ndi February. Mukatero mudzaona kuti pafupifupi galimoto iliyonse imadya matumba. Funso ndi lakuti iti imadya ochepa.

Wodzaigulayo ndani?

Yankho silili m'kabuku ka fakitale. Lili pasiteji.

Imani pa Mpamba m'mawa wina muwerenge magalimoto ang'onoang'ono amene akudutsa pakati pa Mzuzu ndi Nkhata Bay. (Dzina la malowa limandikomera pa nkhani ino, poti galimoto kwa ambiri a ife ndi mpamba ndithu.) Mudzaona kuti mitundu ingapo yokha ndi imene ikubwerezabwereza, ndipo ambiri mwa magalimotowo akunyamula anthu olipira. Munthu amene adzagule galimoto yanu patatha zaka zinayi kapena zisanu, mwina ndi mnyamata amene wasunga ndalama za kabaza wa njinga yamoto ndipo akufuna kukwera giredi, kapena namwino amene wangoyamba ntchito, kapena wogulitsa usipa amene watopa ndi matola. Anthu amenewa safunsa za mipando yachikopa. Amafunsa zinthu zitatu: imamwa bwanji, masipeyala ake ali kuti, ndipo makaniko wa pafupi amaidziwa?

Ndinakhalapo tsiku lina pa galaja ina ya pansi pa mtengo m'mbali mwa msewu wa M5, ndikudikira kuti andimatire tayala. Panafika bambo wachikulire, malaya ositidwa bwino monga amachitira anthu a kuno, atagwira foni m'manja. Anaonetsa makaniko chithunzi cha kagalimoto kokongola ka ku Ulaya, kabuluu, kamene mwana wawo anakapeza motchipa.

Makanikoyo anapukuta manja pa ovolosi, n'kuyang'ana chithunzicho nthawi yaitali. "Ada, ndi yokongola," anatero. Kenako analoza kuseri kwa galaja, kumene kunali galimoto ina itakhala pa njerwa, udzu utamera mpaka m'mabampala, nkhuku itaikira mazira pa mpando wakumbuyo. "Iyo nayonso inabwera yokongola. Chavuta n'kachinthu kochepa ngati bokosi la machesi. Ku Mzuzu kulibe, ku Lilongwe kulibe. Mwini wake akudikira munthu wochokera ku Joni, mvula iyi ndi yachiwiri."

"Nanga mukanakhala inu?" anafunsa bambo aja.

"Ine ndikanagula imene ikafa usiku, m'mawa sipeyala yake ibwere pa minibasi."

Mawu amenewo ndi amene amapanga mtengo wa galimoto yakale. Mtundu ukachuluka pamsewu, amasitolo amasunga masipeyala ake, ina ikachita ngozi imaphwasulidwa n'kudyetsa zinzake, ndipo anyamata a m'magalaja amaiphunzira mpaka kuidziwa ndi khutu. Ogula amachuluka, ndipo mtengo umalimba. Galimoto yosowa, ngakhale ikhale yabwino chotani ku dziko la kwawo, kuno imagulitsidwa mochita kupempha.

Tione mitundu ingapo

Vitz inayamba kupangidwa mu 1999, inasinthidwa maonekedwe mu 2005 ndi mu 2010, ndipo kuyambira 2020 ku Japan dzinali linasiyidwa, galimotoyo n'kumatchedwa Yaris monga kwina konse. Si yokongola kuposa zinzake, mkati mwake si motakasuka kwenikweni, ndipo buti yake ndi yaing'ono. Koma pa nkhani ya kugulitsika, ine ndimaiika patsogolo. Dzina la Toyota lokha limakopa wogula asanatsegule n'komwe boneti. Chofunika kusamala ndi injini. Ilipo ya 1,000cc ya masilinda atatu, ndipo ilipo ya 1,300cc ya masilinda anayi. M'tauni ya Lilongwe, kumene kuli chidikha, yaing'onoyo imakwanira. Kuno n'kwina. Nyanja ili pa mamita osafika 500 kuchokera pa mlingo wa nyanja yamchere, pamene Mzuzu ili pa mamita oposa 1,200, ndipo kukwera konseko kumachitika pa mtunda wosafika makilomita 50. Ikani anthu asanu mu ya 1,000cc, muyambe makhotakhota opita ku Mzuzu: imalira ngati chigayo, ndipo mafuta amene mumati mupulumutse amathera pachikweza pomwepo. Wodzaigula wa kuno amadziwa zimenezi. Ya 1,300cc ndi imene adzaifune.

Passo ili ndi chizindikiro cha Toyota koma inkapangidwa ndi Daihatsu, kuyambira 2004 mpaka 2023. Ndi yotchipa pogula, yopepuka, ndipo imagulitsika msanga chifukwa ambiri amaikwanitsa. Koma ndi galimoto ya m'tauni, ndipo ikamenyedwa ndi msewu wafumbi zaka zitatu imayamba kulira paliponse. Mira ndi chimodzimodzi, mwinanso kuposa: mafuta imamwa ochepa kwambiri, pamsika sichedwa, koma banja la ana anayi ndi dengu la chinangwa lisaiyese.

Honda Fit, imene inatuluka mu 2001, ndi imene ndimaikonda ine pandekha, ndipo ndivomereze kuti kukondako sikugwirizana kwenikweni ndi mutu uno. Akatswiri a Honda anaika thanki ya mafuta pansi pa mipando yakutsogolo, choncho kumbuyo kunatsala malo odabwitsa. Mukapinda mipando, njinga yakapalasa imalowa. Imakoka bwino pachikweza. Masipeyala ake akupezeka, ngakhale ena amakwera mtengo kuposa a Toyota. Chenjezo lili pa Fit ya hybrid imene inatuluka mu 2013. Giyabokosi yake ndi ya mtundu wina wovuta, ndipo Honda eni ake anaiitanitsa kangapo ku Japan kuti akaikonze chaka chisanathe. Amakaniko ambiri a kumudzi saigwira, ndipo ogula odziwa amaizemba.

Note ndi Demio ndi magalimoto abwino amene amatchipa pogula, n'kutchipanso pogulitsa. Amene akufuna kuyenda nayo mpaka ithe sangadandaule. Amene akuganiza zodzagulitsa adziwe kuti adzadikira wogula nthawi yotalikirapo.

Polo ili ndi malo akeake kuno, chifukwa Nkhata Bay ndi Joni ndi pachibale kuyambira nthawi ya makolo athu amene ankapita ku migodi. Polo ndi Polo Vivo zimapangidwa ku Kariega, tauni imene kale inkatchedwa Uitenhage, ndipo ku South Africa Vivo yakhala zaka zambiri ili m'gulu la magalimoto ogulidwa kwambiri. Ndi yolimba pamsewu, imagwira bwino pamakona, ndipo zambiri ndi za giya wa pamanja, amene makaniko aliyense amamumvetsa. Ngati muli ndi m'bale amene amabwera kawirikawiri, masipeyala si vuto. Vuto ndi mapepala. Galimoto yofunidwa ndi ogula imafunidwanso ndi akuba, ndipo Polo ku South Africa imabedwa kwambiri. Yobwera popanda chikalata cha apolisi a kumeneko chotsimikiza kuti si yakuba, musaiyandikire ngakhale mtengo wake ukome chotani. Tsiku lina nambala ya chasisi idzawerengedwa pa rodibuloko, ndipo mudzataya galimoto ndi ndalama zomwe.

Nanga Aqua, imene aphunzitsi aja amaitama? Inatuluka kumapeto kwa 2011, ndipo n'zoona kuti imasunga mafuta modabwitsa, chifukwa injini ya petulo imathandizana ndi mota ya magetsi. Aliyense amene anagonapo pa mzere wa mafuta m'zaka za 2022 mpaka 2024 sangaiseke. Kusowa kwa mafuta kunakweza mbiri ya magalimoto oterewa. Koma mtima wa Aqua ndi batire lalikulu limene lili pansi pa mpando wakumbuyo, ndipo batirelo limadana ndi zinthu ziwiri zimene ku nyanja kuno tili nazo zochuluka: kutentha ndi fumbi. Limaziziritsidwa ndi kafani kokoka mpweya m'kati mwa galimoto, ndipo kafaniko kakatsekeka ndi fumbi kapena mankhusu a mpunga, batire limapsa pang'onopang'ono mwini wake osadziwa. Aqua ya zaka khumi ndi ziwiri imene batire lake silinasinthidwepo ili ndi ngongole yobisika, ndipo wogula wochenjera adzaichotsera pa mtengo. Mukaifuna, muiyezetse batire pa kompyuta musanalipire, ndipo muzitsuka kafani kaja.

Pali ina imene si hatchback kwenikweni koma singasiyidwe: Toyota Sienta, ya mipando isanu ndi iwiri. Chifukwa choti amatakisi amaifuna usana ndi usiku, imagulitsika mwina kuposa zonse tatchulazi. Koma ikakhala yogula kwa munthu wa m'dziko momwe muno, funsani bwino kumene yakhala ikuyenda. Sienta ya zaka ziwiri pa siteji ndi nkhalamba.

Msewu wa kumunda

Msewu wa tala wochokera ku Mzuzu unakonzedwa bwino, ndipo M5 yodutsa m'minda ya rabala ya Vizara kupita ku Chintheche galimoto iliyonse imayendamo, ngakhale maenje sasowa. Koma palibe amene amakhala pa tala. Kuchoka pamsewu waukulu kulowa kumudzi kapena kusikimu ndi dothi, ndipo Nkhata Bay ndi limodzi mwa maboma olandira mvula yambiri m'Malawi. Kwina ikasiya mu March, kuno imapitirira mpaka April kapena May, mtsinje wa Limphasa n'kumasefukira m'dambo. Timagalimoto ta ku Japan tinapangidwira misewu yosalala. Mimba yake imatalikira pansi ndi masentimita 14 kapena 15 okha, pafupifupi kutalika kwa foni imene ili m'thumba mwanu. Mwala umodzi wobisika m'matope ukhoza kuboola sampu, oyilo yense n'kutayikira panjira, injini n'kunoka musanafike kunyumba. Chitsulo chotchinga pansi pa injini n'chotchipa poyerekeza ndi injini ina. Pewaninso zija zokhala ndi mabampala otsika ndi marimu aakulu a matayala opyapyala. Pa chithunzi zimakoma, pa msewu wa ku Limphasa zimatha mwezi umodzi.

Za ku Usisya ndiye tisanamizane. Msewu wotsetsereka kuchokera kumapiri kupita kumeneko si wa hatchback, makamaka dzinja. Wa ku Usisya amene ali ndi ndalama ya Vitz aganize kawiri. Sitima ya Ilala ndi maboti sizinathe ntchito.

Tsopano katundu. Ku Japan powerengera kulemera kumene galimoto inganyamule, munthu mmodzi amamuyesa makilogalamu 55. Kagalimoto ka anthu asanu ndiye kuti kanawerengeredwa makilogalamu 275. Matumba asanu a mpunga ndi 250, kuphatikiza dalaivala mwadutsa kale. Koma ndani sanaonepo Passo itanyamula matumba asanu ndi atatu, amayi awiri kutsogolo, kumbuyo kukukhula pansi, ikupita ku chigayo? Ulendo umodzi sipaoneka kanthu. Pakatha nyengo ziwiri mashoko atha, masipuling'i agona, matayala akudyeka mbali imodzi, ndipo galimoto imaima chogwada ngati mbuzi yodwala. Wogula amaona zimenezi ali patali, asanapereke n'komwe moni. Mpunga ubwerekereni thiraki kapena ngolo; ndalama yake ndi yochepa kuyerekeza ndi imene idzadulidwe pa mtengo wa galimoto.

Ambiri mwa magalimotowa ali ndi giyabokosi ya otomatiki ya mtundu wa CVT, yoyendera lamba wachitsulo. Ili ndi oyilo wakewake. Kuthiramo oyilo wa otomatiki wamba, chifukwa ndi amene anapezeka pa sitolo ya pafupi, ndi njira yachidule yophera galimoto. Chimodzimodzi mafuta a m'zigubu amene timathamangira pamene ma filling station auma: ena amakhala osakaniza ndi parafini kapena madzi, ndipo pampu ya mafuta ndi imene imalipira. Petulo wovomerezeka wa m'Malawi amasakanizidwa kale ndi ethanol, wina wochokera ku fakitale ya ku Dwangwa komweku, ndipo ameneyo injini izi zimamulandira. Chimene sizilandira ndi zosakaniza za kuseri kwa nyumba.

Tili ndi mwayi umodzi: nyanja yathu ilibe mchere, choncho dzimbiri la kuno si loopsa ngati la ku Beira kapena Dar es Salaam. Dzimbiri loopsa limabwera ndi galimoto yomwe, ngati inkayenda kumpoto kwa Japan kumene amathira mchere m'misewu nthawi ya chipale. Gwadani muyang'ane pansi ndi tochi. Koma chinyezi ndi kutentha kwa kuno kuli ndi nkhani ina imene ochepa amaidziwa. Magalimoto mamiliyoni ambiri padziko lonse, kuphatikizapo Fit ndi Vitz za zaka zina, anaikidwa ma airbag a kampani ya Takata amene mankhwala ake amawonongeka m'malo otentha ndi achinyezi, moti pa ngozi amatha kuphulika ndi tizitsulo. Kampaniyo inagwa mu 2017 chifukwa cha nkhani yomweyi. Ku Japan eni magalimoto anaitanidwa kuti akasinthe ulere, koma ena anatumizidwa kunja asanasinthidwe. Ndi nambala ya chasisi mukhoza kufufuza pa intaneti ngati yanu inakonzedwa.

Mapepala ndi chikhulupiriro

Mu 1970 katswiri wa zachuma wa ku America, George Akerlof, analemba nkhani yotchuka yokhudza msika wa magalimoto akale, ndipo mu 2001 analandira nawo mphoto ya Nobel. Mfundo yake mlimi aliyense angaimve. Wogulitsa amadziwa matenda a galimoto yake, wogula sadziwa. Poopa kupusitsidwa, wogula amapereka mtengo wa galimoto yodwala ngakhale pa galimoto yabwino. Makolo athu ananena kale za chikomekome cha mkuyu. Choncho amene wasamala galimoto yake amalangidwa limodzi ndi amene sanasamale, pokhapokha atakhala ndi umboni.

Umboniwo ndi wotchipa: kope la sukulu la masamba 40 losungidwa m'kabokosi ka kutsogolo. Tsiku, makilomita, chimene chasinthidwa, dzina la galaja, lisiti yomata. Ngati galimoto munaitanitsa ku Japan, sunganinso pepala la ku okushoni, limene limaonetsa makilomita enieni ndi giredi yake. 4 kapena 4.5 ndi yabwino, pamene chilembo R chimatanthauza kuti inachitapo ngozi n'kukonzedwa. Makilomita amabwezedwa m'mbuyo ndi anthu osakhulupirika, ndipo aliyense amadziwa zimenezi, moti nambala ya pa dashibodi payokha palibe amene amaikhulupirira. Pogula, yang'anani chopondera buleki ndi chiwongolero. Galimoto yoti yayenda makilomita 40,000 koma labala wa pabuleki watha mpaka chitsulo kuonekera, ikunama.

Bulubuku likhale m'dzina lanu. Ambiri amagula galimoto, n'kulemberana kakalata pamaso pa mboni, kusintha umwini n'kukuzengereza poopa ulendo wa ku ofesi ya Road Traffic ku Mzuzu ndi mizere yake. Pakapita zaka, mwini wa dzina la m'bukulo wapita ku Joni kapena wamwalira, ndipo galimoto yabwinobwino ikukanika kugulitsika, kapena ikugulitsidwa pa mtengo wa masipeyala. Pitani limodzi ndi wogulitsayo sabata yomweyo, ndipo pa khomo la ofesi madobadoba muwapatse moni basi. Chiphaso cha COF ndi inshuwalansi zisamathe. Wogula akaona zomata zakale pa galasi amayamba kudzifunsa kuti china chimene chinanyalanyazidwa n'chiyani.

Mtundu wa penti nawo uli ndi mawu. Yoyera ndi yasiliva sizitentha kwambiri pa dzuwa la ku nyanja, sizionetsa fumbi msanga, ndipo wopenta wa ku Mzuzu amazifananiza mosavuta zikakalika. Yapinki kapena yobiriwira ngati tsamba la nthochi imatchipa ku Japan pa chifukwa chomwecho chimene idzatchipire kuno. Anthu a ku Nkhata Bay ukhondo sitiphunzitsidwa, ndipo galimoto imatsukidwa mwina kuposa mmene ikufunira. Chongosamala ndi kansanza kamene kagwa pa mchenga wa m'mbali mwa nyanja, chifukwa kamakala penti ngati sandipepa. Mthunzi wa mango ndi wabwino mpaka November, pamene zipatso zimayamba kugwa pa denga ndi pa galasi. Ndipo tizilombo ta nkhungu tikatuluka m'nyanja ngati utsi n'kukupezani pamsewu, mukafika kunyumba tsukani radiyeta ndi sefa ya mpweya, chifukwa tizilomboto timamatirira n'kuchititsa injini kuwira.

Chotsala ndi nthawi yogulitsira. Galimoto yomweyo, ya makilomita omwewo, ili ndi mitengo iwiri pa chaka. Mu January ndi February aliyense akufuna fizi ndi feteleza, chakudya chachepa m'nyumba, misewu ndi matope, ndipo ogulitsa amachuluka kuposa ogula. Amene amabwera kudzaona galimoto nthawi imeneyo amabwera akudziwa kuti mwapanikizika, ndipo amayambira pa theka. Kuyambira June mpaka August mpunga wagulitsidwa, a fodya ku Mzimba ndi ku Rumphi alandira zawo, msewu wauma. Ngati mukudziwa kuti mwana adzafuna fizi ya ku koleji chaka chamawa, galimoto iikeni pamsika mpunga udakali pa malona, thanki ili ndi mafuta okwanira kuti wogula akaiyese pa chikweza cha ku Mpamba, kope lija lili pa mpando wakutsogolo.